Naphiri Anenerera Ngongole ku Banki

Naphiri anagwira ntchito yolandira alendo pa kampani ina ya inshulansi ku City Centre kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ambiri ankamudziwa ndi mawu okha, poti ndiye ankayankha mafoni onse a pakampanipo. Ankakhala ku Area 47, koma osati m'nyumba zikuluzikulu zija. Iye ndi mwamuna wake Chigomezgo ankachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya dokotala wina wopuma pantchito.

Chigomezgo anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina yomwe si yaboma. Tsiku lina akulemba pa bolodi, choko chinamupulumuka m'manja, iye n'kugwa chagada. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala wamoyo, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, ndipo sukulu inamupatsa malipiro a miyezi itatu n'kutsanzikana naye.

Khadi ya ngongole Naphiri anali nayo kale. Anthu a kubanki anachita kubwera nayo okha ku ofesi, ndipo inatha chaka m'kachikwama osaikhudza. Inayambira ntchito ku famase, pogula mankhwala a Chigomezgo. Kenako mafizo olimbitsa dzanja ndi mwendo, kawiri pa sabata kuchipatala cholipira. Kenako lendi, kenako shuga ndi sopo. Khadi siipweteka potulutsa. Umangoigunditsa pa kamakina, kamalira pang'ono, wogulitsa n'kukuthokoza.

Mwezi ndi mwezi ankabweza kandalama kochepa kamene banki inkafuna, ndipo ankadziona ngati wosunga pangano. Koma chiwongoladzanja chinkathamanga kuposa iye, ndipo ataphonya miyezi itatu anamuwonjezera chindapusa. Pofika Juni ngongole inali pa K4.8 miliyoni, malipiro ake a miyezi khumi. Munthu wodyera kuyankha mafoni anayamba kuopa foni yakeyake. Ikalira ndi nambala yachilendo, ankaitembenuza chafufumimba pa desiki.

Naphiri sanauze mwamuna wake kalikonse. Chigomezgo anali ndi nkhani yake imodzi yokha: kagalimoto kake kakale, kamene kanaima pansi pa mtengo wa mapeyala kuyambira tsiku limene anagwa. Loweruka lililonse ankakatsuka ndi dzanja lamanzere, n'kuliza injini kuti batire lisafe. “Pofika Khirisimasi ndidzakhala ndikukuperekezani kuntchito,” ankatero.

Kalata ya maloya a banki itafika, yomupatsa masiku khumi ndi anayi, Naphiri anakwera minibasi kupita ku Old Town. Kumeneko kunali Mwanasha, mnzake wa ku pulayimale, amene ankagulitsa zitenje m'kasitolo kopanikizika pafupi ndi msika. Mwanasha anawerenga kalatayo akutsata mzere ndi chala.

“Iwe unatenga zingati zenizeni?” anafunsa Mwanasha.

“Sizinakwane mamiliyoni atatu. Zinazo ndi chiwongoladzanja ndi zindapusa.”

“N'chifukwa chake ife Asilamu timazithawa zimenezi. Koma tamvera. Pali anthu anatenga zitenje zanga pangongole chaka chatha. Wina akabwera n'kunena kuti, mayi, zonse sindingathe, landirani izi lero tithane, ukuganiza ndimamupirikitsa? Ndimalandira ndi manja awiri. Wobisala ndiye ndimamusaka. Banki nayo ndi wamalonda ngati ine.”

“Kubanki sanenerera, Mwanasha.”

“Unayesapo?”

Naphiri anapukusa mutu.

“Koma usapiteko chimanjamanja. Ukanene ndalama yoti ulipire kamodzi. Uli ndi chiyani chogulitsa?”

Naphiri anadziwa yankho, koma sanalitchule. M'minibasi pobwerera ankangoganiza za munthu wotsuka galimoto ndi dzanja limodzi.

Anauza Chigomezgo mawa lake masana, atachoka kutchalitchi. Anayala mapepala onse patebulo n'kufotokoza kuyambira ku famase. Chigomezgo anamvetsera osamudula.

“Ndiye kuti mafizo onse aja inali ngongole?”

“Inde, bambo.”

“Bwanji osandiuza?”

“Ndinkaopa kuti magazi angakwerenso.”

Chigomezgo anayang'ana dzanja lake lofooka lija nthawi yaitali. “Naphiri, chinafa ndi dzanja. Mutu uli moyo. Zaka ziwiri mwandisunga ngati khanda m'nyumba mwanga momwe.”

Mawu amenewo anamulasa kuposa kalata ya maloya. Dzuwa litapendeka, Chigomezgo anadzuka ndi ndodo yake, nalowa kuchipinda, n'kubwera ndi mapepala a galimoto. Anawaika pamwamba pa mapepala a banki aja.

“Asakupatseni zochepera mamiliyoni atatu ndi theka,” anatero. “Matayala ndi atsopano.”

Lachiwiri Naphiri anapempha nthawi kuntchito. Mwanasha anatseka sitolo n'kumuperekeza. Banki inali pafupi ndi ofesi yake, moti ankaopa kukumana ndi omudziwa. Anawalowetsa m'kachipinda ka bambo wina wa imvi, a Sumaila, amene ankaona za ngongole zovuta.

“Takhala tikukuimbirani, mayi,” anatero a Sumaila, mopanda ukali.

“Ndinkaziona, bambo. Ndinkachita mantha. Lero ndabwera ndekha.”

Anatulutsa mapepala a kuchipatala, kalata yochotsa mwamuna wake ntchito, ndi kapepala ka malipiro ake. Ananena kuti zonse sangathe ngakhale atamupatsa zaka zisanu, koma akhoza kulipira mamiliyoni atatu kamodzi ngati banki ingatseke nkhaniyo.

A Sumaila anadina kompyuta kanthawi. “Zindapusa tikhoza kuchotsa. Itsala K4.2 miliyoni.”

Naphiri anatsala pang'ono kuthokoza, poti moyo wake wonse unali wothokoza anthu pa desiki. Mwanasha anamuponda chala pansi pa tebulo.

“Imeneyo ndilibe, bambo,” anatero Naphiri. “Mukatuma olanda katundu akapeza mipando inayi, filiji ndi munthu wodwala. Galimoto ndi imodzi, ndipo ikugulitsidwa kamodzi.”

A Sumaila anavula magalasi. Anati iwo alibe mphamvu yovomera okha. Naphiri alembe kalata, iwo aipititsa kwa mabwana. Anamuchenjezanso mosabisa kuti banki ikavomera, khadi itsekedwa, ndipo dzina lake lilowa m'kaundula wa amene sanabweze ngongole yonse. Kwa zaka zingapo zidzamuvuta kubwereka kwina kulikonse.

Yankho linabwera patatha masiku asanu ndi anayi: K3.3 miliyoni, kamodzi, mwezi usanathe. Galimoto anagula makaniko wina wa ku Old Town, wodziwana ndi Mwanasha. Chigomezgo anapereka yekha makiyi, n'kumulangiza kuti giya yachiwiri imafuna kuinyengerera. Kenako analowa m'nyumba galimotoyo isanatuluke pageti.

Naphiri ankayembekeza kuti akalipira adzamva kupepuka. Sizinatero msanga. Ankadzifunsa ngati wapambana kapena wangogonja mwaulemu. Ndalama zimene banki inasiya zinali zambiri, komabe iye anali atapereka zoposa zimene anatenga, mukaphatikiza tindalama ta mwezi ndi mwezi tija. Mafizo anawachepetsa kukhala kamodzi pa sabata. Chimene chinasintha kwenikweni chinali m'nyumba: mapeto a mwezi ankakhala pansi awiri, Chigomezgo n'kumatsutsa mtengo wa chilichonse ngati akuchonga mayeso.

Kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha inatuluka mu Ogasiti. Naphiri anafika nayo kunyumba n'kuipereka kwa mwamuna wake asanavule ndi nsapato zomwe. Chigomezgo anaiwerenga kawiri, pang'onopang'ono.

“Nambala ya akaunti alakwitsa,” anatero. “Asinthanitsa manambala awiri omaliza. Kalata iyi ikumasula munthu wina, osati inu.”

Naphiri anayang'anitsitsa, ndipo zinalidi choncho. Anakhala pampando n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, mwamuna wake naye n'kugwirizana naye.

M'mawa mwake, asanakhale pa desiki yake, anadutsira kubanki. Anapeza mzere utafika kale pakhomo. Anaima kumbuyo, kalata ili m'manja, ndipo mayi wina wa ku ofesi yoyandikana atamupatsa moni, Naphiri anamuyankha mokweza n'kumufunsa za ana.