Nyanja Ikhale Kumanja

Kwathu ku Nkhotakota palibe ankafunsa koyang'ana poswali. Nyanja ikhale kumanja, basi walunjika. Mzikiti wathu unali wa m'masiku a zombo zamatanga. Makoma ake anali onenepa moti munthu ankatha kukhala pawindo, mitanda ya denga inali ya mlombwa, ndipo kuseri kunali masitepe otsikira m'madzi momwe tinkasambira m'manja ndi m'mapazi. Bambo anga ndiwo ankaupaka njereza chaka chilichonse mwezi wosala usanayambe. Ine ndinaphunzirira pomwepo ntchito yopenta.

Nditafika ku Joni, m'kachipinda kanga ku Bertrams, nyanja ndinaisowa. Ndinangoti sinki ikhale kumanja, poti madzi anali pamenepo. Ndinaswali choncho miyezi itatu, mpaka mkulu wina wa ku Mangochi, amene ankagona chipinda choyandikana, anandipeza ndili pamkeka.

"Eish, achimwene, mukuswalira ku Cape Town!"

Anaseka mpaka misozi. Inenso ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Ndinalakalaka fungo la njereza yaiwisi ndi mchenga wozizira uja wa pakhomo.

Chaka chachisanu bambo anandiimbira foni. Anati madzi adya maziko a mzikiti, ndipo akuluakulu agwirizana zougwetsa kuti amange wina kumtunda, pafupi ndi msewu.

"Ubwere tidzaupake komaliza. Usagwe uli wakuda ngati khola."

Pasipoti yanga inali itatha kalekale. Ndikanatuluka, pachipata sakanandilola kubwereranso. Ndinayankha kuti ndiona, mawu amene aliyense wa ku Joni amadziwa tanthauzo lake. Mwezi umenewo ndinapenta nyumba ya mzungu, zipinda zisanu ndi ziwiri, ndili ndi mkwiyo wosowa wouphwetsera.

Mng'ono wanga ananditumizira chithunzi cha mzikiti watsopano. Wasimenti, wa malata obiriwira, mipopi ili ndandanda. Ndi wokongola, sindikana. Koma sindiudziwa.

Ndinachita manyazi kuwaimbira bambo mpaka patapita milungu. Sanandikalipire. Anafunsa za kuzizira, anafunsa ngati ndikudya. Kenako ndinalimba mtima.

"Nanga wakale uja munaupaka?"

"Ndinaupaka," anatero. "Makwerero sindikweranso, mawondo akana. Ndinalekeza pomwe dzanja langa linafika. Pamwambapo ndinakusiyira iwe, ndipo augwetsa uli choncho."