Ndinanamizira Mkazi Wanga Chifukwa cha Madzi a mu Injini

Zinayamba Lolemba loyamba la mwezi wa Julaye, cha m'ma sikisi koloko m'mawa, nditatsegula boneti ya pikapu yathu n'kupeza madzi a mu rediyeta atatsika. Inu owerenga, ndineneretu kuti wolakwa pa nkhaniyi ndine. Ndinanenera mkazi wanga zachigololo pamaso pa abale ake, umboni wanga uli madzi a m'galimoto.

Kwathu ndi ku Mauwa, koma ndinakwatira chikamwini kufupi ndi Mbulumbuzi. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza. Pikapuyo amayendetsa ndi mkazi wanga, amake Chisomo, pogula nandolo m'midzi n'kukagulitsa ku Limbe. Kuyendetsa ndimadziwa, koma ntchito imandimanga pa sitolo. Udindo wanga unali kuona oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse iye asananyamuke.

Injini itayamba kudya oyilo kwambiri, tinaipereka kwa Che Saidi, makaniko wa pa Njuli. Anaimasula yonse, n'kuika zitsulo zatsopano za m'kati, malingi ndi mabelingi, ndipo hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa injini, anaitumiza kutauni kuti akaipale. Ntchito yawo anthu amaitama. Vuto langa linali lina. Che Saidi anaphunzira kalasi imodzi ndi mkazi wanga ku pulayimale, ndipo ndinamva kalekale kuti anamufunsirapo ine ndisanabwere. Tsiku lokatenga galimoto anamuitana ndi dzina lake la paubwana, limene ine sindinamuitanepo nalo. Kenako awiriwo anaseka nkhani ina m'Chiyao, chimene ine sindimva. Ndinaima pambali ngati kondakitala. Ndinazisunga mumtima.

Madzi atatsika koyamba ndinathira ena n'kuiwala. Atatsikanso ndinayamba kufufuza. Ndinayala katoni pansi pa injini, m'mawa inali youma. Ndinagwira paipi iliyonse, ndinaunika pampu ya madzi, ndinagula chivundikiro chatsopano cha rediyeta. Panalibe podontha. Koma madzi ankatsikabe, ndipo mkazi wanga pochokera ku Limbe ankati waima pa Njuli kuti Che Saidi aione, chifukwa geji ya kutentha imakwera pa mtunda.

Apa m'pamene nzeru zanga zinakhota. Ndinati madzi alibe miyendo. Ngati sakudontha pansi, ndiye kuti pali dzanja limene likuwachotsa. Ndipo amene akupindula galimoto ikatentha ndani, ngati si amene akufuna chifukwa choimira pa Njuli? Ndinaziwerengera zimenezi modekha, monga ndimachitira ndi katundu wa m'sitolo, ndipo zinandikwanira bwinobwino.

Zizindikiro zina ndinkaziona. Galimoto ikalira m'mawa inkanjenjemera kaye ngati izima, kenako n'kukhazikika. Ku ekizozi kunkatuluka utsi woyera wosatha msanga. Ndinati n'kuzizira kwa Julaye. Sindinafune kuti chikhale china.

Tsiku lina madzulo mkazi wanga anandiuza kuti Che Saidi akuganiza kuti madzi akulowa m'kati mwa injini, ndipo akufuna tiwasiyire galimoto masiku angapo kuti atsegulenso hedi, popeza ntchitoyo ndi yawo. Ine ndinangomva zoti masiku angapo. Ndinamufunsa ngati nayenso azikagona konko podikira galimotoyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kupeta nandolo. Kukhala chete kwakeko ndinakutenga ngati kuvomera. Ndinamuletsa kuimanso pa Njuli. Anamvera, n'kumayenda ndi chigubu cha madzi kumbuyo kwa mpando. Ine ndinayamba kumatsegula foni yake akamasamba. Sindinapezemo kanthu, ndipo ndinati ndi wochenjera, amafufuta.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinaitanitsa amalume ake, amene ndi nkhoswe yake, pamodzi ndi apongozi anga. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za katoni, za mapaipi, za dzina la paubwana lija. Ndinamaliza ndi kunena kuti mwana wawo akuchotsa dala madzi m'galimoto kuti azikaonana ndi mwamuna. Amalume aja anafunsa ngati ndinawagwira, kapena ngati pali munthu amene anawaona. Ndinati ayi, koma madzi akusowa.

"Akamwini," anatero, "milandu ya mabanja ndaweruza yambiri. Mboni ya madzi ndiyamba ndi inu."

Achinyamata amene ankamvetsera kuseri kwa nkhokwe anaseka. Mkazi wanga sanaseke ndipo sanalire. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi makiyi, n'kuwaika pa mphasa patsogolo panga.

"Abambo a Chisomo, tengani galimotoyo mupite nayo kumene dzanja langa silifika. Madziwo akakasiya kusowa, musabwerenso, ndiye kuti mwanena zoona."

Mkamwini akanyoza mwini mudzi, amene amanyamula chikwama ndi iyeyo. Ndinapempha tchuthi ku ntchito, ndinathira madzi, n'kupita kwa mlongo wanga ku Mauwa. Ndinkadziona wopambana. Ndinaboola boneti n'kuikapo loko, kiyi wake ndinkagona naye m'thumba. Ndinayamba kunyamulira anthu nandolo kupita naye pa msika, kuti galimoto iziyenda monga inkayendera kwa iye.

Sabata isanathe ndinatsegula loko uja ndekha, ndipo madzi anali atatsika kuposa kale. Ndinadzinamiza kuti mwina sindinadzaze bwino. Ndinadzaza mpaka pakamwa, ndinatseka, ndinayenda ulendo umodzi. Pa chitunda geji inakwera mpaka pofiira. Ndinaima pambali pa msewu, anthu a njinga akundidutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachita mantha, osati chifukwa cha injini.

Pa Njuli sindikanapita. Ndinapita kwa makaniko wina wa pa boma amene sankandidziwa. Anandiuza kuti tidikire injini izizire. Itazizira anatsegula rediyeta, anaidzaza, n'kundiuza kuti ndilize galimoto. Ndinatsika kukaona. M'madzimo munkatuluka thovu motsatizana, ngati munthu akupuma pansi pa dziwe. Anatseka chivundikiro n'kundigwiritsa paipi yapamwamba. Inali italimba ngati mtengo, injini isanatenthe n'komwe. Anati umenewo ndi mpweya wa m'kati mwa injini ukuthawira kumadzi.

Kenako anamasula mapulagi n'kuwandandalika pa nsanza. Ena onse anali ndi mwaye, koma imodzi inali yoyera ngati yatsukidwa ndi sopo. Anaunika ndi tochi pa bowo la pulagi imeneyo, ndipo ndinaona ndi maso anga timadontho ta madzi pamwamba pa pisitoni. Pomaliza anatembenuza chivundikiro cha oyilo. Kunsi kwake kunali phala lotuwa ngati tiyi wamkaka.

Anafotokoza kuti pakati pa hedi ndi injini pamakhala gasiketi yotseka, ndipo ngati amene anapala hedi sanaisalaze bwino, pamatsala kampata. Madzi amalowa pamenepo, amapsa limodzi ndi petulo, n'kutuluka ku ekizozi ngati nthunzi. N'chifukwa chake pansi pamakhala pouma. Anati zimachitika ngakhale pa injini yongomangidwa kumene, ndipo zikadziwika msanga ndi ntchito yaing'ono. Koma ine ndinali nditachedwa, madzi anali atafika kale ku oyilo, ndipo sakanalonjeza kuti mabelingi atsopano aja apulumuka. Anafunsa ngati amene anamanga injiniyo sanandichenjeze. M'malo moyankha ndinafunsa funso lopusa, ngati pangakhale munthu amene amachotsako madziwo.

"Achotse akamwe?" anatero akupukuta manja. "Bambo, galimoto yanu ikumwa yokha."

Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka dzuwa linapendeka. Ndinakumbukira mkazi wanga akutsika yekha pa msewu wa Limbe, matumba ali kumbuyo, akudikira injini izizire kuti athire madzi a m'chigubu, chifukwa mwamuna wake anamuletsa kupempha thandizo.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene timadziyesa osamala, nsanje siibwera ngati misala. Kwa ine inabwera ngati kufufuza. Ndinayala katoni, ndinagwira mapaipi, koma yankho ndinali nalo kale ndisanayambe, ndipo chilichonse chotsutsana nalo ndinkachikankhira kumbali. Ngati galimoto yanu ikutha madzi pansi pali pouma, yang'anani utsi wa m'mawa, thovu mu rediyeta ndi mtundu wa oyilo, ndipo ibwezeni msanga kwa amene anaimanga. Ngati mtima wanu ukukayikira mnzanu wa m'nyumba, mufunseni muli awiri, ndipo mumve yankho lake mpaka kumapeto. Musaitane anthu. Mawu onenedwa pa bwalo sabwerera m'kamwa.

M'mawa mwake ndinasiya galimoto pa galaja, ndinagula nkhuku, n'kukatenga achimwene anga amene ndi nkhoswe yanga. Titafika sindinalowe m'nyumba imene ndinamanga ndekha. Ndinakhala pansi kunja ngati mlendo mpaka amalume aja ndi apongozi atabwera. Ndinanena zimene makaniko anapeza, ndipo ndinapepesa. Apongozi anga sanayang'ane nkhukuyo. Amalume anati yankho si lawo, n'kutembenukira kwa mwana wawo. Iye anayankhula motsitsa, maso ali pa ine.

"Mawu anu aja anafika ku chitsime, anafika kwa akazi a Che Saidi, anafika ku tchalitchi. Amayi anzanga a kwaya akumasiya nkhani ndikafika. Kumene anafikako mukawachotse ndinu. Mukatero mubwere tidzakambe."

Achimwene anafuna kundipepesera, koma ndinawagwira mkono. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, n'kulowera kwa mkulu wa mpingo kukapempha kuti Lamulungu andipatse mpata woima kutsogolo.