Abiti Yusuph ndi Kofiya ya Idi

Dzina lawo ndi Mwanamisi, koma ku Bangwe kuno mukafunsa dzina limeneli anthu ambiri angokuyang'anani. Timawadziwa ndi dzina loti Abiti Yusuph, pamene ana amangoti anganga a madoyilo. Ndakhala nawo moyandikana kuyambira pamene ndinadzachita lendi nyumba ya kuseri kwawo, ndipo mpanda wathu ndi umodzi. Ndisanalembe izi ndinawapempha chilolezo. Anavomera, koma anati ndisatchule zaka zawo, choncho sinditchula. Ndinenenso kuti ine ndine Mkhristu. Ngati pali mawu a chipembedzo chawo amene ndawalakwitsa, anzanga Asilamu andikhululukire.

Anakulira ku Limbe, mwana wa telala wa pakhonde. Kuluka anaphunzira ali mtsikana, kuchipatala, pa nthawi imene ankadikirira mayi awo odwala. Kunali mayi wina wa ku Thyolo amene nayenso ankadikirira mwana wake, ndipo ankaluka tsiku lonse pansi pa mtengo. Mtsikanayo ankakhala chapafupi n'kumangoyang'ana zala za mayiyo, osafunsa kanthu chifukwa cha manyazi. Atabwerera kunyumba, bambo awo anawapangira singano ndi sipoko ya njinga, anainola n'kuikhotetsa kumapeto kuti izikowa ulusi. Apa pali kusiyana mawu pang'ono, chifukwa mchimwene wawo amati anali waya wa ambulera. Ine ndatenga mawu a mwini wake.

M'nyumba mwawo mulibe chinthu chimene chimakhala chosavala. Masofa ali ndi madoyilo oyera kotsamira mutu ndi m'mikono. Wailesi ili ndi lake, TV ili ndi lake, fulasiki ya tiyi ili ndi kajuzi kobiriwira kokhala ndi batani. Chopondera pakhomo anachiluka ndi majumbo odula mizeremizere, ndipo kuchipinda kuli kapeti ya matisheti akutha imene sindinaione ndi maso anga, ndangomva. Amuna awo, Che Sulaiman, amene amakhoma ndowa ndi mbaula kumsika, amakonda kuuza alendo kuti, "Ine m'nyumba muno sindikhala malo amodzi nthawi yaitali. Ndikangowodzera ndidzadzuka atandiyala doyilo pamutu."

Ulusi wa m'sitolo sagula kawirikawiri. Amakwera minibasi kupita pa kaunjika ku Limbe, n'kusankha majuzi amene wina aliyense wawakana, obooka pachigongono, otambasuka khosi. Asanatenge, amasolola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi. Kakanunkha ngati tsitsi lopsa, ndiye kuti ndi wulu weniweni, wa zipewa ndi masokosi a ana. Kakasungunuka n'kusiya kampira kolimba, ndi wapulasitiki, wa zofunda pabedi ndi zikwama, chifukwa sufupika ukachapidwa. Anyamata ogulitsa anawazolowera. Akangowaona amati, "Abwera amayi owotcha katundu aja, bisani majuzi." Akafika kunyumba amamasula juzilo, ulusi n'kutuluka wopotanapotana. Amauzunguliza pa miyendo ya mpando wogadamiza, kuunyika m'madzi ofunda, kenako kuupachika pachingwe atamangirira botolo la madzi kumunsi kuti uwongoke.

Ulusi umodzi wokha ndi umene amagula watsopano, wathonje woyera, wowonda kwambiri. Umenewu ndi wa madoyilo ndi wa kofiya, kachipewa kaja amavala amuna achisilamu. Kuyambira chaka chimene anakwatirana, Che Sulaiman sanapiteko ku Idi yaikulu, ija amazinga mbuzi, atavala kofiya yoluka munthu wina. Chaka chilichonse Abiti Yusuph amaluka yatsopano, ya timaenje tosanjana ngati nyenyezi. Tepi yoyezera sagwiritsa ntchito. Amadikira amuna awo akhale pansi kumwa tiyi, n'kuwaveka kofiya yosathayo singano ikulendewera pakhutu, kuyang'ana, kuwavula, kuluka pang'ono, kuwavekanso. Ikatha amainyika m'madzi a mpunga kuti ilimbe, n'kuiumitsa pa bakuli lovundikira.

Chaka chatha Idi inagwa mu Juni, ndipo chiperoni chinabwera msanga. Amene amakhala ku Bangwe akudziwa kuzizira kwake. Zala za Abiti Yusuph zinayamba kutupa m'mfundo, m'mawa osatheka kupinda. Kuchipatala anati ndi nyamakazi, anawapatsa mankhwala opaka ndi akumwa. Majumbo ndi ulusi wa majuzi ankatha kugwirabe, pang'onopang'ono. Koma wathonje uja unkangopulumuka. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde atayamba pakati pa kofiya, kabwalo kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo. Anakamasula, kuyambanso, kumasulanso. Ulusi unali utayamba kuda chifukwa chogwiridwagwiridwa.

Che Sulaiman anaziona zimenezi. Madzulo a tsiku lina, akusamba m'manja panja, ndinawamva akuti, "Amake Shafiq, musadzivutitse. Ku Limbe zilipo za m'sitolo, zokongola ndithu. Ndigula imodzi."

"Gulani," anayankha choncho Abiti Yusuph, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake anandiitanira pampanda. "Mwamva dzulo, aneba? Akuti zokongola ndithu. Ndiye kuti akhala akuziyang'ana."

Ndinayesa kunena kuti bambowo anangofuna kuwapepuza, koma anapukusa mutu. Anati akudziwa, ndipo chimene chikuwawa n'chomwecho. Anandiuza kuti pa Idi amuna akamatuluka pa swala, mapemphero awo aja, amayang'anana kumutu, ndipo aliyense ku Bangwe amadziwa kuti Che Sulaiman amavala za kunyumba. "Akavala ya m'sitolo, anthu abwera kudzandizonda ngati ndagona pamphasa."

Pabwalo lomwelo pamakhala mwana wawo Shafiq ndi mkazi wake Hafsah. Hafsah anaphunzitsidwa kuluka ndi apongozi akewo, ndipo ali ndi dzanja lofulumira. Amaluka zikwama ndi nsapato za makanda n'kumazitsatsa pafoni. Atamva za kofiya ya m'sitolo, anaganiza zothandiza mwakachetechete. Vuto linali limodzi. Mpongozi sangagwire mutu wa apongozi ake aamuna, ngakhale kuima kumbuyo kwa mpando wawo. Hafsah akamawapatsa madzi amagwada chapatali, maso pansi. Ndiye anatenga kofiya ya chaka chapitacho pachingwe, anawerenga mfundo zake mzere uliwonse, n'kukaluka ina kuchipinda kwake, mfundo zomwezo, nyenyezi zomwezo.

Itatha anapita nayo kukhitchini, ine ndili pomwepo ndikubweza sefa.

"Amayi, muwapatse ababa ngati mwaluka ndinu. Sadziwa."

Abiti Yusuph anaitembenuza, analowetsamo chibakera, anaikoka m'mbali. Ndikukhulupirira kuti anaona pomwepo kuti ndi yaing'ono, ngakhale kuti nditawafunsa pambuyo pake sanavomere kapena kukana. Anangoti, "Waluka bwino, mwana wanga. Tiyese."

Che Sulaiman atabwera n'kukhala pasofa, mkazi wawo anawaveka. Kofiya inakana kutsika. Inangokhala pamwamba penipeni ngati chivundikiro cha ketulo. Bambowo anaigwiragwira ndi zala, anayesa kuikokera kumakutu, inabwerera.

"Kodi mutu wanga wakula?"

"Mwina. Mumadya kwambiri masiku ano."

Anaivula n'kuiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pazenera. "Iyi si yanu."

"Mwadziwa bwanji? Nyenyezi zake si zomwezo?"

"Nyenyezi sindizidziwa ine. Koma inu mukamaluka kofiya, tiyi ndimamwa wozizira. Kundiveka, kundivula, tembenukani, musagwedezeke. Chaka chino tiyi ndamwa wotentha masiku onse."

Abiti Yusuph anayesa kudzigwira, koma anaseka mpaka kutsokomola. Hafsah anali atagwada kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, atabisa nkhope m'mpango. Che Sulaiman ankadziwa kuti ali pomwepo, koma analankhula ndi mkazi wawo, monga mwa ulemu wake.

"Muwauze apongozi anga kuti ndathokoza, ntchito yake ndi yaukhondo. Imeneyi avale Shafiq. Mutu wake ndi waung'ono, mulibe zambiri."

Abiti Yusuph atabwerera kukhitchini, anapeza Hafsah ali pafupi kulira. "Amayi, ndinawerenga mfundo zonse. Sindinasiye ngakhale imodzi."

"Mfundo n'zomwezo, koma dzanja lako limakoka. Langa limasiya mpata. Ukanawerenga mpaka mawa, ikanatuluka ya Shafiq yomweyo."

Za ku Limbe Che Sulaiman sanazitchulenso, ndipo Idi inali ikuyandikira. Abiti Yusuph anakhala tsiku lathunthu osagwira singano. Tsiku lotsatira anauza Hafsah kuti aphatikize ulusi wathonje uja pawiri n'kuukulunga mpira umodzi, kuti ukhale wonenepa. Anatenga singano yokulirapo, n'kuikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga pogwirira, kuti zala zisamapindike kwambiri. Asanayambe ankaviika manja m'beseni la madzi ofunda. Ndipo ankaluka masana okha, dzuwa likafika pakhonde, chifukwa m'mawa ndi madzulo zala sizinkamvera.

Apa panabuka vuto lina. Masana mutu wofunikawo unkakhala kumsika, ukukhoma ndowa.

"Muzibwera masana," anatero Abiti Yusuph.

"Nanga makasitomala?"

"Ndowa sizithawa. Mwezi ukaoneka sudikira munthu."

Choncho Che Sulaiman anayamba kutseka benchi yawo dzuwa lili pamutu, n'kukwera chitunda kubwera kunyumba. Anzawo a kumsika sanachedwe kudziwa chifukwa chake. Che Mukhtar, amene amameta anthu pafupi ndi benchi yawo, ankakuwa akamadutsa kuti, "Apatseni njira, akukayezetsa mutu." Iwo ankangokweza dzanja osacheuka. Akafika ankakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, Hafsah n'kubweretsa tiyi n'kubwerera mofulumira, kenako kuvekana ndi kuvulana kumayamba. Ine ndikakhala kuti sindinapite kuntchito ndinkamva kudzera pampanda.

"Musagwedezeke."

"Singano yanu yandibaya."

"Ilibe nsonga imeneyi. Khalani bwino, mukupendeka ngati minibasi ya ku Machinjiri."

Masiku ena zala zinkakana ndithu, ndipo bambowo ankangomwa tiyi wawo n'kubwerera kumsika popanda mzere ngakhale umodzi wowonjezereka. Tsiku lina chifunga sichinachoke mpaka madzulo. Abiti Yusuph anakhala m'nyumba pafupi ndi mbaula, manja atawaika m'khwapa. Hafsah anatenga ntchito zonse za pakhomo, kuphika, kuchapa, kutunga madzi, ndipo sanapemphenso kuti alukeko ngakhale mzere umodzi.

Kofiya inatha Idi ili mawa. Ndiyenera kunena zoona, chifukwa mwini wake anandiuza kuti ndisakometse: sinali yokongola ngati za zaka zam'mbuyo. Nyenyezi zinalibemo, ulusi wonenepa sulola. Inali ya timaenje wamba, yokhuthala, ndipo mbali imodzi ya m'mphepete inatsika pang'ono kuposa inzake, pamene panalukidwa tsiku la ululu. Ataichotsa pa bakuli, Abiti Yusuph anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ikuoneka ngati chosefera tiyi." Koma itaikidwa pamutu inatsika bwinobwino mpaka pamwamba pa makutu.

M'mawa wa Idi kunali mphepo ndi kamvula kowaza. Ndinawaona akutuluka pageti, Che Sulaiman patsogolo mu mkanjo woyera, Shafiq pambuyo atavala kofiya ya nyenyezi ija, imene inamukwana ngati anachita kumuyeza. Abiti Yusuph sanafune kuyang'ana. Anali kuseri akutsuka mpunga, koma anandifunsa kawiri ngati mbali yotsika ija inali kumanzere kapena kutsogolo.

Atabwerako, mbuzi itazingidwa, anandiitana kudzadya nawo monga amachitira chaka chilichonse. Abiti Yusuph anadikira mpaka amuna awo atasamba m'manja.

"Anati chiyani anthu?"

"Anati Idi yabwino."

"Za kofiya ndikunena."

"Mukhtar anafunsa ngati ndavala dengu la tomato. Ndinamuuza kuti ayang'ane makutu ake mmene akunjenjemera."

"Basi?"

"Wina anafunsa ngati muli bwino. Ndinati funso lotani limenelo, simukuona pamutupa?"

Abiti Yusuph anawonjezera nyama m'mbale ya amuna awo.

Masiku ano madoyilo a ulusi wowonda amaluka ndi Hafsah, apongozi ake akuyang'anira n'kumamukumbutsa kuti asamakoke. Iwo atenga za ulusi wonenepa, zofunda pabedi, zipewa za ana, zopondera za majumbo, ndipo ku Limbe amapitabe ndi machesi awo. Akuti kofiya ya Idi ikubwerayi adzaiyamba nyengo yotentha, zala zili zomasuka, ngakhale ikhale m'sutikesi miyezi yambiri.

Patapita sabata chichitikire Idi ija, Abiti Yusuph anapempha amuna awo kuti awabwereke kofiya ija, amasule m'mphepete n'kukonza mbali yotsikayo. Che Sulaiman anaigwira ndi manja awiri pamutu pomwepo.

"Iyi yalowa kale mumzikiti. Siimasulidwanso."

Anakangana pang'ono, kenako Abiti Yusuph anawasiya. Bambowo amaivalabe Lachisanu lililonse, mbali yotsikayo ataitembenuzira kumbuyo.