Fungo la Tenti

Aliyense wodutsa pa boda ya Mwanza amawadziwa a Liness, mayi wamtali uja wogulitsa manachesi, wosatsitsa mtengo olo uchite kugwada. Ndi manachesi omwewo anamanga nyumba ya njerwa zootcha, naphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Sarah, mpaka unesi. Koma panali chinthu chimodzi chimene mayiwa sankachita: kulowa m'tenti. Kaya pamaliro, kaya paukwati, iwo ankakhala padzuwa. Anthu ankati n'kunyada.

Sikunali kunyada ayi. Mu 1987 anathawa nkhondo ku Mozambique ali ndi pakati, nachirira m'tenti ya othawa kwawo konkuno ku Mwanza. Khandalo, lalimuna, linakhala masiku anayi basi. Linapita lisanapatsidwe dzina. Amayi akuluakulu anakaliika okha kudambo, nawauza kuti khanda lotere sililiridwa, ukalira sudzaberekanso. A Liness anameza misozi, ndipo Sarah sanauzidwepo kanthu.

Chaka chatha Sarah, amene amagwira ntchito ku Namibia, anaitana mayi ake kuti akapumeko. Anawatengera kuchipululu, kumalo ogona alendo olemera, m'munsi mwa linga lakalekale la asilikali achizungu. Galimoto itaima masana dzuwa lili phwee, a Liness anaona matenti oyera atandandalikidwa pamchenga.

"Amayi, yathu ndi iyo," anatero Sarah, chimwemwe chili tayale. "Muli bedi, muli bafa, simunaonepo zotere."

Ungamukanire bwanji mwana amene wakonzekera ulendo chaka chathunthu? Anavula nsapato, nalowa.

Zinalimodi zonsezo: bedi logona anthu asanu, makapeti, maluwa m'botolo pakati pa chipululu. Anthu olemeranso ndi ena, kulipira kuti agone ngati othawa nkhondo! Koma tenti ikatenthedwa ndi dzuwa fungo lake n'limodzi, ya olemera kaya ya amphawi. Litawalowa m'mphuno, a Liness anakhala pansi pambali pa bedi lija.

"Mwatopa, amayi?" anafunsa Sarah.

"Iwe sindiwe woyamba," anayankha. "Unali ndi achimwene ako."

Anamuuza zonse, maso ali pakapeti: nkhondo, mvula yodontha pamphasa, masiku anayi, dambo lija limene pano anthu analimapo chimanga. Kenako Sarah anafunsa motsitsa mawu:

"Dzina lawo anali ndani?"

A Liness anatsegula pakamwa, koma panalibe choti atchule. Apo m'pamene kulira kwa zaka makumi atatu ndi mphambu kunatulukira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kopweteka kumva.

Sarah anatseka zipi ya pakhomo. Anatulutsa chitenje m'chikwama cha mayi ake, navala, nakhala pansi chotambalala monga akhalira anamfedwa. Ndipo popeza womulira analibe dzina, anayamba kumuitana ndi chokhacho chimene anali nacho.

"Achimwene. Achimwene anga ine."