Tambala Amene Ankatumidwa kwa Ine

Nditakwatira ku Malindi ndinapeza apongozi anga aakazi ali munthu wa mwambo wosapindika. Ine ndinakulira ku Chembe, komwe tinazolowera kuona alendo akuyenda ndi makabudula pakati pa mudzi, ndipo ndinkaganiza kuti zothawana ndi apongozi zinatha kalekale. Ndinalemba m'madzi. Mayiwo akandiona ndikubwera m'njira ankapatukira m'munda wa chinangwa ngati aiwalamo kanthu. Akafuna kundiuza mawu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo, ndipo mkazi wangayo ankatembenuka n'kundibwerezera zomwe ndamva kale ndi makutu anga. Anthu ankati umenewo ndiye ulemu. Ine zinkandiwawa, chifukwa mayi anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkalakalaka mayi wina woti ndizicheza naye.

Chaka chimenecho denga la nyumba ya apongozi linali litatheratu, moti ukakhala m'kati dzuwa limakupeza. Udzu wabwino wofolera unkasowa kufupi ndi nyanja, choncho m'chilimwe anapita kwa abale awo ku Katuli, n'kukhala komweko akumweta okha mpaka manja anachita matuza. Pofika Okutobala mitolo inali itakwana, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri, koma udzuwo uli kutali. Ukanapanda kufika, mvula yoyamba ikanawapeza pamtetete.

Ndinali ndi kagalimoto kanga kotsegula kumbuyo konyamulira usipa, kokalamba, koti kakamayenda chitseko, mpando ndi galasi chilichonse chimaimba nyimbo yakeyake. Kwa mnzanga wina wonyamula maboti ndinabwereka kalavani, ngolo ija ya matayala awiri yokoka ndi galimoto. Kalavani imakolekedwa pa chitsulo cha kumbuyo, koma pamakhalanso matcheni awiri, oti chitsulocho chikamasuka ngoloyo isathawe yokha n'kukapweteka anthu. Matcheni a mnzangayo anali aatali, a galimoto yaikulu. Ndinawapingasa pansi pa mkono wa kalavani monga timachitira, ndipo polendewera ndinapakweza n'kumanga ndi mphira ya chubu, kuti asakhudze pansi koma mpata wokhotera ukhalepo.

Mkazi wanga anali woyembekezera, wotopa ndithu, ndipo msewu wa ku Katuli sakanautha. Wonyamula mawu pakati pa ine ndi apongozi anayenera kukhala amalume ake a mkazi wanga, ndipo popita tinali limodzi. Koma titangomaliza kupakira kunamveka maliro m'mudzi woyandikana nawo, amalumewo n'kutsala. Tinatsala awiri, ine ndi apongozi, kuphatikiza tambala wofiira amene abale anawapatsa potsanzikana. Zokhala nane kutsogolo sakanayerekeza n'komwe. Anakwera kumbuyo n'kukhala pa tayala lapadera, atandipatsa msana, maso ali pa udzu wawo, tambala ali pamiyendo.

Msewu wa fumbi unatigwedeza mpaka mano, ndipo penapake mphira ija inaduka ine osadziwa. Pa dothi matcheni akamakhwekhwerezeka amangodzutsa fumbi, koma pa tala nkhani imasintha. Titadutsa Namwera n'kuyamba kutsika phiri, dzuwa lili paliwombo, ndinamva apongozi akulankhula mokweza.

"Iwe tambala! Ukungophethira maso? Zitsulozi zikukhula pansi!"

Ndinaseka chamumtima. Ndinati mayi asowa wocheza naye mpaka ayamba kukalipira nkhuku.

"Tambala iwe, pita ukawauze eni ake a galimoto kuti aime! Ukawauze kuti ndati chonde!"

Ndinachepetsa wailesi. Pagalasi ndinkangoona msana wawo ndi mulu wa udzu. Kenaka anatembenukira m'Chiyao chothamanga, akukalipirabe tambala yemweyo. Chiyao changa n'chogulira nsomba basi, koma liwu limodzi ndinalimva bwino, pakuti moto ndi moto m'zinenero zonse ziwiri.

Ndinaimika galimoto pambali n'kudumpha. Matcheni anakhala akuthetheka pa tala, ndipo mtolo umene unalendewera kutsogolo kwa kalavani unali utayamba kufuka, kamoto kakukwera m'nsonga zake. Ndinausolola n'kuuponya pakati pa msewu. Apongozi anali atatsika kale, liwiro lake sindinaliyembekezere kwa munthu wa msinkhu wawo. Anathyola nthambi yaiwisi n'kumamenya pa mitolo ina pomwe panagwera tizimoto, ine ndikuthira madzi a m'chigubu amene ndinkasungira injini. Tinagundana mapewa kangapo, koma panalibe amene anakumbukira kupatuka. Mtolo umodzi uja unapsa wonse pa tala, yotsalayo inapulumuka.

Mtima utakhala pansi manyazi anabwerera. Apongozi anakaima kuseri kwa kalavani, akukonza duku lawo, ine n'kulowa pansi kukaona matcheni. Anali otentha, atawala pomwe tala anawadya, koma sanaperepeseke kwambiri. Ndinawakoleka pa mphete za m'kati kuti afupike. Anafupika ndithu, komabe ankalendewera moti pa bampu akanakhudzanso pansi, ndipo kuwakoka kwambiri sikukanatheka chifukwa phirilo n'lokhotakhota. Panafunika mphira ina. Ndinafufuza pansi pa mpando ndi m'thumba la zitsulo, osaipeza.

Ndinaima pamenepo ndikukanda m'mutu. Tambala anali pa tayala lija, miyendo yomanga, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinatsokomola pang'ono.

"Tambala," ndinatero mwaulemu, "kawauze mayi kuti mphira yomangira matcheniwa ndilibe."

Kenaka kuseri kwa udzu kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa. Apongozi anali akuseka. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma zinakanika, anaseka mpaka kugwira tayala la kalavani, misozi ikutsika. Inenso ndinalephera kupirira. Basi ina yodzaza anthu inadutsa, onse akusuzumira anthu awiri akuluakulu akuseka pafupi ndi phulusa.

Anamasula mphira yomwe anamangira thumba lawo la nandolo. Mwambo wake unali woti aiike pansi, apatuke, ine ndikaitole. Ndinayamba kale kuyang'ana pansi kudikira. Koma anabwera mpaka pomwe ndinaima, n'kuiika m'dzanja langa.

"Apongozi, tengani. Mumange kawiri," anatero. "Nkhukuyi tiileke, yatopa ndi kutumidwa."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osadzera kwa munthu wina. Ndinalowa msanga pansi pa kalavani, chifukwa maso anga anali atayamba kuchita zawozawo. Ndinamanga kawiri monga ananenera, ndinagwedeza matcheni ndi phazi, ndipo pansi panatsala mpata woti nkhuku n'kudutsa.

Ndinawapempha kuti tsopano akhale kutsogolo, pamthunzi. Anakana. Anati wina ayenera kuyang'anira zitsulozo, ndipo akaona kanthu andiitana ineyo. Anasungadi mawu awo, mwinanso mopitirira. Pokhota paliponse, pa bampu iliyonse, ndinkamva kumbuyo, "Apongozi, matcheni ali bwino!" Ine n'kumayankha pawindo, "Zikomo mayi!" Tinatsika phiri lonse tikukuwirana choncho, mpaka tinakhotera msewu wa ku Malindi.

Mkazi wanga anali pakhonde pamene tinkalowa pabwalo, ndipo anamva yekha mayi ake akundifuulira kuti ndiyandikize kalavani ku mtengo wa mango. Anaimirira atagwira m'chiuno, kukamwa kuli yasa, akuyang'ana uku ndi uku ngati wachotsedwa ntchito popanda chifukwa. Tambala uja apongozi anandipatsa tsiku lomwelo, kuti ndiyo mphatso yomasulirana, poti mwambo suyenda wopanda kanthu m'manja. Sindinamuphe. Anakalamba pakhomo pathu akuvutitsa anzake, ndipo mpaka lero wina akamazungulira polankhula timamufunsa ngati akufuna timuitanire tambala.

Tinafolera nyumba sabata yomweyo. Mvula yoyamba inagwa masana ena ndili pabwalo pawo ndikusoka ukonde, ndipo ndinanyamuka kuti ndithamangire kwathu monga ndinkachitira kale. Chitseko chinatseguka.

"Mukuthawira kuti, mwananga? Lowani mudzaone nokha ngati pakudontha."

Ndinalowa, n'kukhala pamphasa pafupi nawo, tonse maso ali kudenga. Sipanadonthe.