Nthambi Patsogolo pa Njinga

Ine ndimagulitsa njinga zakale pansi pa mtengo wa bwemba, m'mbali mwa msewu wopita ku boma la Mambwe. Ndimagula zakufa, ndimagulitsa zamoyo, ndipo zochitika pakatipo ndi chinsinsi cha ine ndi penti wakuda. Anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Pa kunenerera mtengo pali munthu mmodzi yekha amene sindinamugonjetsepo, ndipo ndinamukwatira.

Chaka chimene mwana wathu woyamba, mtsikana, anali giredi faivi, ndinamuchotsa sukulu kuti ndizimuphunzitsa ndekha. Anayambitsa ndi apongozi anga aakazi. Atabwera kudzationa, mwana anawalonjera ali chiimire, n'kulandira nthochi ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba la yunifomu. Apongozi sanamudzudzule. Anatembenukira kwa nkhuku zimene zinkatola pabwalo, monga amachitira apongozi akafuna kuti mkamwini amve, n'kunena kuti, "Kaya kusukuluko amawalanda maondo."

Mawuwo anandiwotcha m'makutu. Mkazi wanga ankachapa zovala pa kampu ina ya alendo ku Nkwali, ndipo anali atandiuzapo kuti ana a manijala wa kumeneko sapita kusukulu, amaphunzira pakhonde ndi mayi wawo. Ndinati mumtima: manijala ali ndi khonde, inenso ndili ndi bwemba.

"Sukulu imaphunzitsa kuwerenga basi," ndinamuuza mkazi wanga. "Khalidwe mwana amalitenga kwa kholo. Ndipatseni chaka chimodzi, amake mwana, muone."

"Sabata imodzi."

"Musandinyoze. Teremu."

"Mwezi. Aphunzitsi ake ananena kale kuti wojomba kupitirira mwezi abwereza giredi, anzake amusiya. Mwezi, atate ake, ndipo mbasela palibe, ngakhale tsiku limodzi lowonjezera."

Ndinavomera monga amavomerera wamalonda. Pakamwa ndinati mwezi, mumtima ndinati akangolowa m'manja mwanga sabwereranso. Mwana sanalire. Anapinda yunifomu yake, n'kuiika pansi pa pilo.

Sukulu yanga inatsegulidwa Lolemba. Kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusadula akulu mawu: zonsezi anazigwira masiku awiri, ngati kuti ankazidziwa kale, ankangodikira womufunsa bwino. Lachitatu tinalowa m'miyambi. Ndinali nayo isanu ndi iwiri, itatu mwa iyo yopeka ndekha. Lachinayi masana silabasi inatha. Mwana anatsegula buku lake, n'kundifunsa mmene amaphatikizira mafulakishoni osiyana manambala a pansi. Ndinati, "Amenewo ndi a mawa." Mawa lake ndinamutengera kumsewu, kukaphunzira amene ndinawatcha masamu enieni.

Kumeneko ndiye ndinali mphunzitsi ndithu. Yamba pamwamba. Yang'ana nsapato za wogula usanayang'ane nkhope yake. Akatembenuka kuti akuchoka, usamuitane asanaponde katatu. Ndipo phunziro limene ndinkalinyadira kuposa onse: "Usaname, mwana wanga. Bodza ndi la aulesi. Uzingokhala chete pamalo oyenera."

Ankamvetsera, akugwira gudumu ine ndikumanga masipoko. Koma mmawa uliwonse ana akamadutsa kuseri kwa nyumba, akuitanizana kupita kusukulu, iye akusesa pabwalo, tsache lake linkaima. Sankatembenuka. Linkangoima, mpaka phokoso litazilala. Chimene sindinamuuze aliyense n'chakuti phokoso lomwelo linkandiimitsanso ine.

Ine ndinakulira cha ku Malama, ndipo sukulu yathu inali kutali moti mbatata yowotcha inkazizira m'thumba tisanafike pakati. Tinkakumana pa mtengo wa mvunguti kumapeto kwa mudzi. Palibe ankanyamuka yekha, chifukwa njira yathu inalinso njira ya njovu. Nthawi yozizira tinkaika manja m'khwapa, mapazi atang'ambika ngati munda wouma. Nthawi ya mvula dothi lakuda lija linkamata kumapazi mpaka aliyense kukhala ngati wavala mitondo. Masau akapsa tinkafika kusukulu mano atayayamira. Pa kamtsinje kouma tinkafukula mchenga ndi manja, madzi n'kutuluka pang'onopang'ono, ozizira, onunkhira mizu. Ndamwapo madzi a m'firiji ku Mfuwe, koma safika pamenepo.

Aphunzitsi athu anali munthu wamfupi wochokera kumtunda, cha ku Chipata, thalauza loyera ndi choko mbali imodzi. Ankalankhula Chinyanja chowongoka, ife tikuwajeda m'Chikunda ali pomwepo. Njovu ankaiopa kuposa tonsefe, ndipo mwina n'chifukwa chake ndi iwo amene anatenga kachitidwe ka alenje n'kukasandutsa lamulo la sukulu. Lamulo linali ili: ukakhala patsogolo, n'kuona ndowe zofunda, mapazi atsopano kapena mtengo wongokhadzulidwa kumene, usakuwe, chifukwa phokoso limautsa nyama. Thyola nthambi yaiwisi, uigoneke mopingasa njira. Wobwera pambuyo akaiona adziwa kuti apa sapitapo, azungulire kuminda. Sankatiyesa mayeso a lamuloli. Silinalembedwe pa bolodi.

Koma panalinso belu. Linali limu, chitsulo cha gudumu la galimoto, lopachikidwa pa mtengo, ndipo wofika woyamba ndiye ankaliliza. Ine belu limenelo ndinkalikonda kuposa chakudya. Tikangochoka pa mvunguti ndinkasiya gulu pang'onopang'ono, ngati ndikupita kukataya madzi, kenako liwiro.

Tsiku lina ndili giredi sikisi, ndili ndekha patsogolo, ndinapeza ndowe zikufuka nthunzi pakati pa njira, ndipo m'tchire munkamveka kuthyoka kwa mitengo. Ndinayang'ana mtengo wapafupi. Ndinayang'ana kumbuyo, kumene mnzanga wina wamiyendo yaitali ankabwera. Ndinawerengera msanga, monga ndimawerengera mpaka lero: kuthyola nthambi n'kutaya belu. Ndinazembera kuminda osaika kanthu. Belu ndinaliza, mokoma ndithu.

Ana a giredi wanu anakalowa pomwe panali njovu paja. Palibe anavulazidwa ndi njovu, koma anabalalika m'minga, ndipo kamtsikana kena kanafika kusukulu dzuwa lili pamutu, miyendo yonse magazi. Aphunzitsi sanafunse mafunso ambiri. Anangoti, "Waliza belu lero ndani?"

Ndinadziwa kuti zavuta, ndiye ndinayamba ntchito yanga.

"Aphunzitsi, zikoti zisanu, nkhani ithe."

"Ayi."

"Zisanu ndi ziwiri, ndi kusesa sabata yonse."

"Iwe, pano si pamsika." Anapukuta choko m'manja. "Teremu yonse uziyenda kumbuyo kwa wamng'ono kuposa onse. Akaima, uima. Ufike womaliza tsiku lililonse."

Ndinkaona ngati andipha. Koma nditi ndinene zoona, mwa masiku onse a sukulu ndimasowa teremu imeneyo. Kumbuyo kuli dziko lina. Ndinadziwa kuti ka giredi wanu sikayenda, kamayendera chilichonse: chiwala, nthenga, mwala wonyezimira. Ndinazula minga m'mapazi osawerengeka. Ndinaberekapo awiri nthawi imodzi powoloka madzi, wina akundiimbira m'khutu nyimbo ya kutchalitchi yosatha. Womaliza ndiyenso ankachotsa nthambi zofota za dzulo, kuti chizindikiro chisasanduke bodza. Ndipo nthawi zonse tikapeza nthambi yaiwisi itagona panjira, tiana tija tinkangokhala chete tokha, n'kundigwira malaya. Munthu amene anaiika sitinkamuona. Anali atapita kale, atataya belu chifukwa cha ife.

Zonsezi ndinkazikumbukira ndili pansi pa bwemba, koma monga munthu amakumbukirira kukoma kwa masau, osati monga chinthu chondikhudza. Mutu wa wamalonda uli ndi zipinda, ndipo zitseko zake sizitsegukira pamodzi.

Sabata yachinayi ndinali ndi njinga ina yokongola, yonyamula katundu, imene inali ndi mng'alu pakhosi, pamene felemu imakumana ndi chiwongolero. Wowotcherera anangoipaka malovu. Ine ndinamalizitsa ndi penti wakuda, kawiri, mwana akundigwirira chitini.

Kunabwera bambo wina wachikulire pang'ono, nsapato za matayala, chipewa m'manja. Nsapato zinandiuza kuti ndalama ali nazo zochepa koma wabwera kudzagula, osati kudzaona.

"Mwaswera bwanji, akulu?"

"Taswera, kaya inu achimwene. Ndachokera ku Malama. Ndikufuna njinga yolimba. Amayi kunyumba ali ndi pakati, ndizidzawanyamula kupita ku kiliniki."

"Mwafika. Iyi imanyamula amayi, mwana, ndi apongozi pakaliyala."

Anaseka, naigwedeza, naliza belu lake. Mwana wanga anabwera ndi kapu ya madzi, nagwada maondo onse awiri, napereka ndi manja awiri, nalonjera motsitsa mawu. Mtima wanga unakula. Ndinalakalaka apongozi akanakhalapo, ndi nkhuku zawo zomwe.

"Mwana wamwambo," anatero bamboyo.

"Ndimaphunzitsa ndekha," ndinayankha, osadzichepetsa ngakhale pang'ono.

Tinalowa m'kunenerera. Ine pamwamba, iwo pansi, ine kulumbira kuti ana anga agona ndi njala, iwo kutembenuka ngati akuchoka. Ndinawerenga mapazi awo, limodzi, lachiwiri, lachitatu, n'kuwaitana. Zonse zinkayenda ngati nyimbo. Sindinaone pamene mwana ananyamuka. Ndinangomva kuthyoka kwa kanthambi kumbuyo kwanga.

Anabwera nayo nthambi ya bwemba, masamba ali biriwiri, naigoneka mopingasa patsogolo pa gudumu la njinga ija. Kenako anabwerera pamalo pake, nakhala pansi, manja pamiyendo. Sanadule akulu mawu. Anakhala chete pamalo oyenera, monga ndinamuphunzitsira.

Wogula wa ku Lusaka akanangoiponda nthambiyo n'kukwera. Koma uyu anali wa m'chigwa muno, woyenda njira zomwezo ali mwana. Anayang'ana nthambi nthawi yaitali. Anayang'ana mwana. Kenako anavala chipewa chake, n'kundiyang'ana ine.

"Achimwene, njovu ili pati panjinga pano?"

Ndinali ndi mayankho atatu okonzeka, onse abwino. Koma nthambi ija inali pansi, yaiwisi, ndipo ndinamva ngati tiana tija tandigwiranso malaya. Ndinawerama, n'kukanda penti ndi chikhadabo mpaka mng'alu unaonekera.

"Ili apa, akulu."

Anapitapo chala, nagwedeza mutu. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Pamchenga wa kwathu ikanathyoka amayi ali pambuyo." Anasankha njinga ina, yonyansa koma yamoyo, ndipo pa mtengo wake anandikama ngati mbuzi, ine osatha kulira. Pokwera anatembenukira kwa mwana.

"Mayi, nthambiyi anakuphunzitsani atate anu?"

Mwana anandiyang'ana kaye, kuopa kundichititsa manyazi. "Ndi lamulo la kusukulu, agogo. Akuluakulu a giredi seveni amatiuza tikangoyamba."

Atapita, tinakhala awiri pansi pa bwemba. Ndinafuna kumukalipira, koma ndinasowa mlandu. Ndinamufunsa ngati aphunzitsi ake ndiwo amawauza za nthambi. Anati ayi, aphunzitsi amabwera pa njinga yamoto, za njira ya ana sazidziwa bwino. Sukulu yake si imene ndinaphunzira ine, ndipo aphunzitsi anga aafupi aja anabwerera kwawo kumtunda kalekale. Kaya lamulo lawo linayenda bwanji kuchoka ku Malama kudzafika kuno, kaya ndi ana osamuka, kaya kunalinso mphunzitsi wina wamantha, sindidziwa. Ndimangodziwa kuti linafika kwa mwana wanga osadzera mwa ine.

Madzulo ake ndinauza mkazi wanga kuti mwana abwerere kusukulu mawa.

"Mwezi sunathe, atate ake. Kwatsala masiku anayi."

"Ndakupatsani mbasela."

"Inu? Mwadwala?"

Ndinamufotokozera. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati, "Koma kugwada mwamuphunzitsa, zimenezo sindikulandani. Amayi akadzabwera adzapeza maondo." Ndinalandira mawuwo ndi manja awiri. Wamalonda sakana kangachepe.

Mmawa mwake yunifomu inatuluka pansi pa pilo ili ndi mizere yowongoka kuposa ya simbi. Ndinati ndimuperekeze. Ana a kuno amakumana pa chulu chachikulu kuseri kwa minda, ndipo atamuona anamuzinga, akumufunsa ngati anadwala. Anati anali kuthandiza atate. Wina anamuonetsa mafulakishoni aja ali chiimire pomwepo, ndipo ndinamva akuti, "Aa, ndi zimenezi basi?"

Atayamba kuyenda, miyendo yanga yakale inafuna kupita patsogolo. Mwana anandigwira dzanja mwaulemu.

"Atate, wamkulu amayenda kumbuyo."

Ndinabwerera kumbuyo. Patsogolo panga panali kamtsikana ka giredi wanu, chikwama chofika m'maondo, kamene kanaima kuti kaone nyerere zikunyamula chiwala. Ndinaima nako. Belu linalira kutali tisanafike n'komwe pa kamtsinje ka m'njira yawo, ndipo sindinafulumire.