Fungo la Guluu pa Malaya a Achimwene

Ana asukulu ankawatchula aphunzitsi awo a sayansi kuti a Mphete, chifukwa chaka chilichonse ankaima pa bolodi n'kujambula mphete ya ngodya zisanu ndi imodzi osanyamula choko. "Uyu ndi benzini," ankatero. "Makaboni asanu ndi mmodzi agwirana manja mozungulira, aliyense wabereka haidirojeni wake. Mukachotsa haidirojeni mmodzi n'kuikapo methilo, dzina lasintha, ndi tolwini. Mukaikapo OH, ndi fenolo." Ana ankakopera zonse, mayeso akafika n'kujambula mphete ya ngodya zisanu zokha. Mayiwo ankachonga ndi cholembera chofiira atagwira tsaya, mawondo akuwawa, fumbi la choko lili kukhosi.

Kuti afike pa uphunzitsi anawakankha ndi achimwene awo, amene kuyambira ali mnyamata ankamata nsapato m'kashopu kena kuseri kwa siteji ya basi. Kachipindako kanali ndi zenera limodzi, ndipo mwini wake analikhomera ndi misomali poopa akuba. Guluu ankakhala m'zitini zosatseka, fungo lake lotsekemera n'kumalowerera m'malaya, m'tsitsi, mpaka mu pilo.

"Ife perefyumu sitigula, chemwali," achimwenewo ankaseka. "Bwana amatipatsa waulere."

Kenako anayamba kutopa msanga. Masitepe apanyumba ankawakwera mopumira, pamikono panatuluka mabala akuda osagundidwa ndi kanthu, ndipo akamatsuka mano magazi sankaleka. Alamu, akazi a achimwenewo, ankati ndi ukalamba, koma a Mphete anapempha tchuthi n'kuwaperekeza kuchipatala.

Dokotala anayang'ana zotsatira za magazi nthawi yaitali. "Mafuta a m'mafupa mwanu sakupanganso magazi okwanira, bambo. Mumagwira ntchito yanji?"

"Nsapato basi. Kumata."

"Guluu wina wotchipa amamusungunulira mu benzini. Amauluka msanga, munthu n'kumamupuma tsiku lonse."

A Mphete ankadziwa kuti benzini sasakanikirana ndi madzi, kuti amasungunula mphira ndi mafuta, kuti akayaka amatulutsa mwaye wambiri. Zoti amawononga magazi ankazitchulanso m'kalasi, mothamanga, belu litatsala pang'ono kulira.

M'mawa mwake anapita kushopu kuja kukapempha kuti asinthe guluu. Mwini wake anawamvetsera akupukuta manja pa nsanza.

"Mayi, guluu wina uja sagwira. Mvula ikangogwa makasitomala amabweza nsapato."

"Ndiye atsegulireni zenera anthuwa."

Bamboyo anayang'ana zeneralo, n'kutenga hamala, kuzula misomali. Zitini anavomera kuti azizivundikira. Za guluu anati aona.

Achimwene anakhala panyumba miyezi ingapo, akumwa mankhwala, akukonza nsapato za aneba pakhonde ndi singano ndi ulusi. Magazi anakwera pang'ono, osafika pakale. Loweruka lina a Mphete atapita kukawazonda anawapeza akumanga zingwe za nsapato zawo zakuntchito.

"Mukupita kuti, achimwene?"

"Kumene ndimapita."

"Dokotala uja munamumva?"

"Ndinamumva. Nanga munthu wa imvi ngati ine andilemba ndani? Manjawa sadziwa china." Anawaonetsa kansalu kotchinga pamphuno kamene alamu anawasokera. "Ndiziyandikira zenera lanu lija."

A Mphete ankadziwa kuti kansalu sikatchinga nthunzi ya benzini. Alamu anali atatsamira chitseko, maso ali pansi.

A Mphete anawaperekeza achimwene mpaka pasiteji, akuyenda pang'onopang'ono, wina chifukwa cha mawondo, wina chifukwa cha mpweya. Basi itafika munali mpando umodzi wokha, ndipo anakankhizirana kanthawi mpaka kondakitala anatopa nawo. Anakhala ndi achimwene. A Mphete anaima atagwira chitsulo, chikwama cha mapepala osachonga chikuwalemera paphewa.